Kuwongola mano ndi mawaya kumafuna kudekha

Masiku ano si chachilendo kukumana ndi mnyamata kapena mtsikana amene akamaseka m'kamwa mwake mukung'anima timawaya. Ena amaoneka pa kanema, ena pa Facebook ndi TikTok, enanso ndi ana asukulu obwera kumudzi patchuthi kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Anzawo akaona amasirira, ndipo pofika madzulo nkhani imakhala yafika kale kwa makolo kuti nawonso akufuna mawaya.

Kwa ana ena nkhaniyi ndi ya fasho chabe, koma kwa ena ndi yaikulu. Alipo ana amene amaseka atatseka pakamwa ndi dzanja chifukwa anzawo kusukulu adawapatsa maina onyoza. Alipo ena amene milomo yawo sikumana chifukwa mano akutsogolo adatulukira kunja. Enanso amavutika kuluma chakudya kaamba koti mano akumwamba ndi akumunsi adasemphana.

Mawayawa, amene pa Chingerezi amatchedwa braces, ndi chithandizo cha kuchipatala ndipo amagwiradi ntchito, kwa achinyamata ndi akuluakulu omwe. Koma banja lisanagulitse mbuzi kapena matumba a chimanga, liyenera kudziwa kuti tsiku loika mawaya ndi chiyambi chabe cha ulendo umene kawirikawiri umatenga chaka chimodzi ndi theka kapena zaka ziwiri. Wouyamba n'kuusiyira panjira amataya ndalama, ndipo nthawi zina amataya ndi mano omwe.

Chimakhotetsa mano n'chiyani?

Mwana amamera mano 20 oyamba, amene ena amati mano amkaka. Manowa amayamba kugweduka mwana akafika zaka 6, ndipo pofika zaka 12 kapena 13 mano ambiri achikulire amakhala atamera. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, kuphatikizapo anayi akumbuyo kwenikweni amene amamera mochedwa, nthawi zambiri munthu akapitirira zaka 17.

Chifukwa chachikulu chimene mano amamerera mokwerana kapena mokhota ndi chibadwa. Kukula kwa mano ndi kukula kwa nsagwada mwana amatengera kumtundu, ndipo mano akakula kuposa malo amene ali pansagwada, amapanikizana. Apa palibe amene adalakwitsa, kaya mayi, bambo kapena mwanayo.

Koma zifukwa zina n'zopeweka. Mwana amene akupitiriza kuyamwa chala mpaka nthawi yomera mano achikulire amakankhira mano akutsogolo kunja. Dzino lamkaka likaola n'kuzulidwa nthawi yake isanakwane, mano oyandikana nalo amasendera pampata paja, ndipo dzino lachikulire likamadzamera limapeza malo atatsekeka, n'kutulukira pambali. Makolo ambiri sasamala mano oyamba poganiza kuti adzachoka okha, osadziwa kuti manowa ndiwo amasungira malo mano obwera.

Mano otulukira kunja alinso ndi chiopsezo china. Kafukufuku wa madokotala a mano adaonetsa kuti mwana amene mano ake akumwamba adatsogola akumunsi ndi mamilimita oposa atatu amathyoka mano mosavuta akagwa, pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anzake. Kwa mwana wokonda mpira kapena wopalasa njinga tsiku ndi tsiku, imeneyi si nkhani yokongola chabe.

Komabe si dzino lililonse lopendekeka limene likufunika mawaya. Kampata kapakati pa mano awiri akutsogolo, kamene anthu ambiri kuno amati n'kokongola, si matenda. Kwa ana a zaka 8 kapena 9 kampataka nthawi zambiri kamatsekeka kokha mano osongoka a m'mbali akamera. Mawaya sayeretsanso mano. Mano amathothomathotho ofiirira amene amapezeka m'madera omwe madzi a m'mijigo ali ndi mchere wambiri wa fluoride, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe, amafuna chithandizo china.

Dzino limayenda bwanji?

Anthu ambiri amadabwa kumva kuti dzino, kulimba konse kuja, lingasunthe. Zoona zake n'zakuti dzino silidamatiriridwe kufupa ngati msomali pathabwa. Muzu wake umagwiridwa ndi timinyewa ting'onoting'ono tokhala ngati ulusi. Waya akamakankha dzino pang'onopang'ono, fupa la mbali imene likulowera limasungunuka, ndipo kumbuyo kumene likuchokera thupi limamanga fupa latsopano.

Ntchito imeneyi ili ndi liwiro lake. Dzino limayenda pafupifupi milimita imodzi pamwezi. Kulikoka ndi mphamvu yoposa muyeso sikufulumizitsa kanthu, koma kumafupikitsa muzu, kumaononga nkhama, ndipo kungathe kupha dzinolo. N'chifukwa chake dokotala amayamba wajambula nsagwada ndi makina a X-ray, kuyeza m'kamwa ndi kuona mmene mano akumanirana asanaike chilichonse. Malo akachepa kwambiri, amatha kuzula mano awiri kapena anayi a m'mbali kuti otsalawo apeze poima.

Luso limeneli lidayamba kalekale. M'chaka cha 1728 dokotala wa ku France, Pierre Fauchard, adalemba za kachitsulo kopindika kamene ankamangirirako mano kuti awongoke. Mu 1899 Edward Angle wa ku America adagawa mavuto a kakumanidwe ka mano m'magulu atatu, ndipo madokotala padziko lonse akugwiritsabe ntchito magulu amenewa. M'zaka za m'ma 1970 mudabwera zinthu ziwiri zimene zidapeputsa ntchitoyi: kumata tizitsulo padzino ndi guluu wapadera m'malo movala mphete dzino lililonse, komanso waya wopangidwa kuchokera ku nickel ndi titanium, amene akapindidwa amabwerera yekha mmene adalili uku akukoka mano mofatsa.

Mitundu imene ilipo

Mtundu wodziwika kwambiri ndi wa tizitsulo timene amamata padzino lililonse, n'kudutsitsamo waya, n'kumanga ndi timphira tamitundumitundu. Mwa mitundu yonse yomata, umenewu ndiwo wotsika mtengo, wolimba, ndipo umatha kukonza ngakhale mano okwerana kwambiri. Timphira tofiira, tobiriwira kapena tachikasu timene achinyamata amakonda tija ntchito yake n'kugwira waya, ndipo amatisintha ulendo uliwonse.

Mtundu wachiwiri umafanana ndi woyambawu, kungoti tomata padzino timapangidwa ndi zinthu zonga dongo loumbira makapu, zooneka ngati dzino lenilenilo. Udayamba kufala m'zaka za m'ma 1980 ndipo umakondedwa ndi akuluakulu ogwira ntchito pamaso pa anthu, monga aphunzitsi ndi a kubanki. Vuto lake n'lakuti ndi wodulirapo, umasweka msanga, ndipo timphira take toyera timathimbirira ndi tiyi, khofi ndi fodya.

Mtundu wachitatu amaumata kuseri kwa mano, mbali ya lilime, moti munthu akaseka palibe chimene chimaoneka. Mmodzi mwa amene adauyambitsa m'zaka za m'ma 1970 ndi Kinya Fujita wa ku Japan. Umenewu ndi wokwera mtengo kwambiri, umakhula lilime, umasokoneza kalankhulidwe masabata oyamba, ndipo madokotala ouika ndi ochepa ngakhale m'maiko olemera.

Mtundu wachinayi ulibe waya. Ndi timapulasitiki toonekera mkati timene timavalidwa pamano ngati chipewa, ndipo wodwala amasintha n'kuvala kena pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Dzina lotchuka pa mtundu umenewu ndi Invisalign, yopangidwa ndi kampani ya Align Technology imene idakhazikitsidwa ku America mu 1997. Ubwino wake ndi woti munthu amavula pakudya ndi potsuka mano. Koma ubwino womwewo ndiwo msampha wake, chifukwa timafunika kukhala m'kamwa maola 20 mpaka 22 tsiku lililonse. Mwana woiwalaiwala amene amasiya kapulasitiki m'thumba la yunifolomu sangaone kusintha kulikonse. Timathandiza bwino pa mano opendekeka pang'ono, koma pa mavuto aakulu mawaya omata ndiwo amadalirika.

Palinso zipangizo zovula zimene zimathandiza mwana amene akukula, makamaka amene nsagwada yake yakumunsi idatsalira m'mbuyo. Chodziwika bwino ndi Twin Block, chimene William Clark wa ku Scotland adapanga mu 1977. Chimagwira ntchito pa nthawi imene mwana akukula mofulumira, kawirikawiri pakati pa zaka 11 ndi 14.

Pa mitundu yonseyi palibe umene uli wabwino kwa aliyense. Chosankhitsa ndi vuto limene lili m'kamwamo, osati chimene mwana waona pafoni.

Msinkhu wabwino ndi uti?

Akuluakulu adati kuwongola mtengo mpoyamba. Bungwe la madokotala owongola mano ku America limalangiza kuti mwana akaonedwe koyamba asanapitirire zaka 7. Izi sizitanthauza kuti aikidwe mawaya pamsinkhu umenewu ayi, koma kuti ngati pali dzino lotsekeredwa m'fupa kapena nsagwada yosemphana, zidziwike msanga. Ana ambiri amaikidwa mawaya pakati pa zaka 11 ndi 14, mano amkaka atatha.

Nanga wamkulu? Dzino limayenda pamsinkhu uliwonse, malinga nkhama ndi fupa zili bwino. Mayi wa zaka 40 angathe kuwongola mano ake. Kusiyana kwake n'kwakuti nsagwada ya wamkulu idasiya kukula, choncho ngati vuto lili pansagwada penipenipo, mawaya okha sangalithetse popanda opaleshoni. Nthawinso imatha kutalikirapo.

Wamkulu ayenera kuyamba wachiza matenda a nkhama ndi kumata mano onse obooka. Kuika waya pamano amene nkhama zake zikutuluka magazi ndipo fupa layamba kudyeka kuli ngati kumanga nyumba padambo. Odwala shuga ndi osuta fodya ayenera kumuuza dokotala poyera, chifukwa zinthu ziwirizi zimafooketsa nkhama.

Madokotala, mtunda ndi ndalama

Kuno kwathu funso lalikulu si la mtundu wa mawaya, koma la amene aike ndi kuwayang'anira. Pofika chaka cha 2019 dziko lino lidali ndi madokotala a mano osakwana 50, pomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu alipo 17.5 miliyoni. Madokotala onsewo adakaphunzira kunja. M'chaka cha 2019 chomwecho sukulu ya College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa digiri ya udokotala wa mano mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, ndipo gulu loyamba lidatsiriza maphunziro mu 2025. Mu 2022 boma lidakhazikitsanso ndondomeko yoyamba ya umoyo wa m'kamwa.

Izi ndi nkhani yabwino, koma kuwongola mano ndi luso lapadera. Katswiri wake amayamba wakhala dokotala wa mano, kenako n'kuphunziranso zaka zina ziwiri kapena zitatu. M'zipatala zambiri za m'maboma amene amathandiza anthu ndi madokotala aang'ono a mano, ambiri mwa iwo ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kuzula, kumata ndi kutsuka mano. Iwowa ndi poyambira pabwino chifukwa angathe kuona ngati vuto lilipodi n'kulozera kumene munthu angapite. Koma mawaya enieniwo amapezeka kawirikawiri m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu.

Apa mpamene banja la ku Kasungu, ku Ntcheu, ku Mzimba kapena ku Mangochi liyenera kukhala pansi ndi cholembera. Wovala mawaya amabwerera kwa dokotala pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi atatu kuti akamange kapena kusintha waya. Kupita masabata asanu ndi limodzi alionse kwa zaka ziwiri ndi maulendo pafupifupi 17. Kwa mwana wa ku Kasungu, ulendo uliwonse ndi makilomita pafupifupi 130 kukafika ku Lilongwe ndi enanso 130 kubwerera, ndiye kuwonjezapo thiransipoti ya womuperekeza, chakudya cha panjira ndi tsiku lojomba kusukulu. Kachitsulo kakamatuka, ndi ulendo winanso wosakonzekera. Ngati mwana ali pasukulu yogonera komweko, pafunika kugwirizana ndi aphunzitsi aakulu za masiku otuluka.

Zipangizo zake zonse zimachokera kunja, choncho mtengo wake umatsatira mphamvu ya kwacha. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene akuyamba ulendo wa zaka ziwiri achita bwino kupempha kuti dokotala alembe papepala mtengo wonse, kuphatikizapo kujambula, maulendo obwereza, kukonza zomatuka ndi chipangizo chovala pomaliza, komanso ngati mtengowo ungasinthe panjira. Amene ali pa inshuwalansi ya zaumoyo afunse kaye ngati imalipira chithandizo chimenechi. Ndi bwinonso kufunsa ngati dokotalayo adalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndiponso kuti ndani adzapitirize ntchitoyo iye akadzasamuka. Paja safunsa adadya phula.

Kwa mabanja amene ali ndi ana ku Britain zinthu n'zosiyana. Kumeneko chipatala cha boma, NHS, chimaika mawaya mwaulere kwa ana osakwana zaka 18, koma okhawo amene dokotala wapeza kuti vuto lawo n'lalikulu ndithu. Ngakhale dziko lolemera silimata waya mwana aliyense wa dzino lopendekeka.

Nzimbe ndi chimanga chootcha zidikire

Masiku atatu kapena asanu oyamba mano amawawa, ndipo ululuwo umabweranso pang'ono waya akangomangidwa kumene. Phala, nsima yofewa, mbatata yophika, nthochi ndi mazira zimathandiza masiku amenewa, pamodzi ndi panado. Tizitsulo tikamakhula tsaya, dokotala amapereka phula lofewa lomatapo.

Chovuta kwa ambiri ndi kusala zakudya zimene adazolowera. Kusenda nzimbe ndi mano, kukukuta chimanga chootcha, mtedza wokazinga, mbuliuli, chinangwa chachiwisi, mango aawisi ndi mafupa a nkhuku, zonsezi zimamatula tizitsulo ndi kupinda waya. Chingamu ndi maswiti onanda zimakanirira. Kutsegula botolo ndi mano ndiye kosayerekeza n'komwe. Chimanga chophika chikhoza kudyedwa atachikonola, mango akupsa atawadula ndi mpeni.

Koma mdani wamkulu ndi litsiro. Zakudya zimabisala m'mbali mwa tizitsulo, ndipo zikakumana ndi shuga wa m'zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi tiyi wotsekemera, zimadya dzino. Zotsatira zake zimadzaoneka tsiku lochotsa mawaya: mano owongoka bwinobwino koma ali ndi mabala oyera mbee kuzungulira pamene padali kachitsulo, ndipo mabala amenewa nthawi zambiri sachoka. Wovala mawaya atsuke mano kwa mphindi zosachepera ziwiri, m'mawa, pogona komanso akatha kudya, ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Mswachi umatha msanga, choncho nawonso ulowe m'bajeti. Mwana amene amachita kukakamizidwa kutsuka mano sadakonzeke kuvala mawaya.

Chenjerani ndi zapamsika

Chinthu chikatchuka, achinyengo sachedwa. M'maiko ena a ku Asia mudabuka bizinesi yogulitsa mawaya ongovalira fasho, omatidwa m'masaluni ndi m'misika, mpaka boma la Thailand lidachita kuletsa malonda amenewa. Mawaya otere amagulitsidwanso pa intaneti, ndipo foni ili m'manja mwa mwana aliyense. Waya ndi waya: ngakhale wongokongoletsera amakankha mano, ndipo popanda womuyang'anira amawakankhira kolakwika. Zitsulo zake zina zimachita dzimbiri, guluu wake sadapangidwire m'kamwa, ndipo zida zosawiritsa zingathe kufalitsa matenda.

Ena amamanga mano awiri akutsogolo ndi kamphira pofuna kutseka mpata. Kamphirako kamatsetserekera m'kati mwa nkhama, n'kumadya fupa mozungulira muzu mwiniwake osadziwa. Madokotala adalembapo za ana amene adataya mano onse awiri akutsogolo mwa njira imeneyi.

Ngakhale makampani aakulu si odalirika nthawi zonse. Kampani ya ku America ya SmileDirectClub, imene inkatumiza timapulasitiki towongolera mano kunyumba za anthu popanda kukumana ndi dokotala maso ndi maso, idatseka mu Disembala 2023, n'kusiya makasitomala ake ali pakati pa chithandizo.

Mawaya akachoka ntchito sinathe

Tsiku lochotsa mawaya limakhala lachisangalalo, koma mano ali ndi khalidwe lofuna kubwerera kumene adachokera. Timinyewa tija ndi fupa latsopano zimatenga miyezi yambiri kuti zikhazikike, ndipo ngakhale zitakhazikika, mano a munthu aliyense amasendera pang'onopang'ono akamakalamba.

Pa chifukwa chimenechi dokotala amapereka chipangizo chogwira mano, chimene amachitcha retainer. China ndi kapulasitiki kovala pogona, china ndi kawaya kakang'ono komatidwa kuseri kwa mano akutsogolo. Kale anthu ankauzidwa kuti avale chaka chimodzi basi, koma lero madokotala ambiri amalangiza kuvala usiku kwa nthawi yonse imene munthu akufuna kuti mano ake akhale owongoka. Chikasweka kapena kutayika chimafunika china mwamsanga. Akuluakulu ambiri amene amavala mawaya kachiwiri ndi omwe adaponya chipangizo chimenechi m'kabati ali achinyamata.

Choncho mwana akabwera ndi pempho la mawaya, makolo sayenera kumukalipira kapena kuthamangira kukongola katapila. Choyamba n'kupita naye kuchipatala chapafupi kuti akaone ngati vuto lilipodi, n'kumata mano obooka. Ngati ndalama za ulendo wonse sizidakwane, kudikira chaka chimodzi kapena ziwiri nthawi zambiri sikuononga kanthu, pokhapokha dokotala atanena kuti vutolo likufunika kukonzedwa mwana akadakula. Mano okhota koma oyera ndi olimba angathe kuwongoledwa ngakhale mwiniwake atayamba kale ntchito n'kumadzilipirira yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.